KUPALA MOTO: ZA MAPHUNZIRO AULERE A PA INTANETI

Nkhani iyi idakambidwa pa wailesi m'pologalamu ya za maphunziro. Taisindikiza monga momwe idakambidwira, kuti amene sadaimve aiŵerenge.



Ambiri a ife tidakulira m'midzi mmene machesi sankapezeka m'nyumba iliyonse. M'maŵa amai akapeza kuti moto wazima, ankatuma mwana ndi phale kuti akapale moto kwa anansi. Mwini moto sankakana, ndipo sankalipiritsa, pakuti wopatsa mnzake khala sachepetsa moto wake. Komatu mwana uja akafika nalo khala kunyumba, ntchito inali isanathe. Pankafunika udzu wouma, nkhuni, ndi munthu wogwada pansi n'kuuzira. Kupanda apo, khala lija linkazimira m'phale momwemo.

Lero tikamba za moto wa mtundu wina. Kwa zaka zoposa makumi aŵiri tsopano, masukulu aukachenjede a m'maiko ambiri akhala akuika maphunziro ao pa intaneti kuti aliyense wofuna apale. Tiona mmene zimenezi zidayambira, mmene zimayendera, amene apindula nazo, ndiponso chifukwa chimene makala ambiri akuzimira m'phale.

Kuphunzira uli kutali si kwachilendo

Tisanafike pa intaneti, tiyambe takumbuka kuti mphunzitsi adayamba kale kufikira wophunzira amene sakumuona. Ku South Africa, yunivesite ya UNISA idayamba kuphunzitsa ndi makalata m'chaka cha 1946. Mmodzi mwa ophunzira ake adali Nelson Mandela, amene adatsiriza digiri yake ya za malamulo ali m'ndende, nailandira mu 1989. Kuno kwathu, sukulu ya Malawi Correspondence College idakhazikitsidwa mu 1965 kuti ithandize ana amene adasoŵa malo ku sekondale, ndipo mu 1987 idasintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education. Akuluakulu ambiri amene akundimva adapeza satifiketi yao ya JC kudzera mu emvulopu ndi sitampa. Ku Britain nako, Open University idayamba kuphunzitsa mu 1971 ndi ophunzira pafupifupi 25,000, mothandizana ndi wailesi ndi kanema ya BBC. Yunivesite imeneyi idadabwitsa anthu chifukwa sinkafunsa satifiketi iliyonse pakhomo poloŵera.

Njira zonsezi zidali ndi malire. Pepala limafuna ndalama, kalata imachedwa pa njira, ndipo phunziro la pa wailesi likadutsa iwe uli kumunda, ladutsa basi. Chimene intaneti idasintha ndi ichi: phunziro likalembedwa kamodzi n'kuikidwa pamenepo, anthu khumi kaya miliyoni angathe kulitenga pa nthaŵi imene afuna, ndipo kuonjezerapo munthu wina sikufuna ndalama zambiri.

Nkhokwe itsegulidwa

M'mwezi wa Epulo chaka cha 2001, sukulu yotchuka ya za sayansi ya ku America, Massachusetts Institute of Technology, imene mwachidule amati MIT, idalengeza chinthu chimene ambiri sadachimvetse. Pa nthaŵi imene masukulu ena ankafuna njira zogulitsira maphunziro pa intaneti, mtsogoleri wake, Charles Vest, adati iwo aika poyera zolemba za aphunzitsi ao, mafunso a mayeso ndi ndondomeko za maphunziro, kuti aliyense aŵerenge mwaulere. Ntchitoyi adaitcha OpenCourseWare. Pofika mu 2007 adali ataika maphunziro okwana 1,800, ndipo lero apitirira 2,000.

Chaka chotsatira, mu 2002, bungwe la UNESCO lidachititsa msonkhano ku Paris, ndipo kumeneko ndiko kudabadwira dzina lakuti Open Educational Resources, mwachidule OER. M'chinenero chathu tingati ndi zipangizo zophunzirira zotsegukira aliyense: mabuku, zithunzi, nkhani, mayeso, kanema ndi zina zotero.

Pano mvetsetsani bwino, pakuti mau akuti "zotsegukira aliyense" ndi akulu kuposa akuti "zaulere". Lamulo la pafupifupi dziko lililonse limateteza wolemba buku. Ngakhale munthu atakupatsani buku mwaulere, simuloledwa kulisindikiza, kulimasulira kapena kulisintha popanda chilolezo cha mwini wake. Lamuloli n'labwino, chifukwa wolemba nayenso amadya. Koma nanga wolemba amene iye mwini afuna kuti ntchito yake ifalikire atani? Kodi mphunzitsi aliyense wa pa dziko lapansi azimlembera kalata yopempha? Vuto limeneli ndilo lidachititsa kuti katswiri wa za malamulo, Lawrence Lessig, ndi anzake akhazikitse bungwe la Creative Commons mu 2001. Kumapeto kwa 2002 bungweli lidatulutsa zilolezo zolembedweratu, zimene wolemba amaika pa ntchito yake ponena kuti: tengani, malinga mutchule dzina langa. Ena amaonjezera kuti musagulitse, ena kuti mukasintha, nanunso mugaŵire anzanu mwa njira yomweyo.

Mphunzitsi wina wa ku America, David Wiley, adalongosola kuti chipangizo chotsegukadi chimakupatsani ufulu wa mitundu isanu. Mungathe kuchisunga ngati chanu. Mungathe kuchigwiritsa ntchito m'kalasi kapena kunyumba. Mungathe kuchikonza ndi kuchimasulira. Mungathe kuchiphatikiza ndi zina n'kupanga chatsopano. Ndipo mungathe kuchigaŵira ena. Ufulu wachitatuwo, wokonza ndi kumasulira, muusunge m'mutu, pakuti tibwererako. Maiko adaona kuti nkhaniyi ndi yaikulu, kotero kuti mu Novembala 2019 maiko onse a m'bungwe la UNESCO adavomereza mfundo zolimbikitsa kuti zipangizo zophunzirira zopangidwa ndi ndalama za boma zikhale zotsegukira aliyense.

Kalasi la anthu 160,000

Zimene takambazi zili ngati nyumba yosungiramo mabuku: umaloŵa, n'kutenga, n'kukaŵerenga wekha. Koma nyumba ya mabuku si kalasi. Kalasi lili ndi tsiku loyamba, mphunzitsi, ntchito ya mlungu uliwonse, ndi mayeso kumapeto. Anthu adayamba kufunsa: kodi kalasi lenilenilo silingatsegulidwe?

Mu 2008, ku yunivesite ya Manitoba m'dziko la Canada, aphunzitsi aŵiri, George Siemens ndi Stephen Downes, adaphunzitsa ophunzira 25 olipira, naloleza wina aliyense kutsatira phunzirolo pa intaneti mwaulere. Adabwera anthu oposa 2,000. Mnzao Dave Cormier ndiye adapereka dzina lakuti Massive Open Online Course, mwachidule MOOC, kutanthauza phunziro la pa intaneti, lotsegukira aliyense, lotenga chikhamu cha anthu nthaŵi imodzi.

Dziko lidadzidzimuka mu 2011. Ku yunivesite ya Stanford, Sebastian Thrun ndi Peter Norvig ankaphunzitsa za nzeru zopangira makina, ndipo kalasi lao linkakhala ndi ophunzira pafupifupi 200. Atalitsegula pa intaneti, adalembetsa anthu okwana 160,000 a m'maiko 190. Chaka cha 2012 chisanathe padabadwa mabungwe atatu akulu: Udacity ya Thrun, Coursera ya aphunzitsi ena aŵiri a ku Stanford, Andrew Ng ndi Daphne Koller, ndi edX, imene MIT ndi Harvard adaikamo madola 60 miliyoni. Nyuzipepala ya New York Times idatcha 2012 chaka cha MOOC. Maiko ena sadakhale chete. Open University idayambitsa FutureLearn. Ku China yunivesite ya Tsinghua idatsegula XuetangX mu 2013. Ku Jordan kudabadwa Edraak ya m'Chiarabu mu 2014. Ndipo boma la India lidatsegula SWAYAM mu 2017. Pofika kumapeto kwa 2021, bungwe la Class Central, limene limaŵerengera zimenezi, lidapeza kuti olembetsa adakwana 220 miliyoni, osaŵerengera a ku China.

Mwina mukufunsa kuti mphunzitsi mmodzi angaphunzitse bwanji khamu lotere. Zimayenda motere. Mphunzitsi amajambulidwa kanema akuphunzitsa, ndipo phunziro limadulidwa m'zigawo zazifupi za mphindi zisanu kapena khumi. Chigawo chikatha pamabwera mafunso, ndipo amene amachonga ndi kompyuta, nthaŵi yomweyo. Ukalakwa umabwerera, n'kumvanso, n'kuyesanso, popanda wokuseka. Ntchito zolemba zazitali, zimene kompyuta singaziŵeruze bwino, kaŵirikaŵiri ophunzira amachongerana okhaokha potsata malangizo a mphunzitsi. Ukakhala ndi funso umalilemba poyera, ndipo angakuyankhe mnzako wa ku Brazil kapena ku Pakistan amene sudzamuona ndi maso.

Makala ozimira m'phale

M'masiku amenewo ena ankalosera kuti mayunivesite ambiri atsekedwa, ndi kuti mwana wa mmphaŵi wa kumudzi afanana ndi mwana wa mwini chuma wa ku Boston. Tiyeni tione zimene ziŵerengero zidaonetsa.

Mwa anthu 160,000 a ku Stanford aja, adatsiriza pafupifupi 23,000. Phunziro loyamba la MIT la mtundu umenewu, la za magetsi, lidalembetsa anthu pafupifupi 155,000 mu 2012, ndipo adakhoza 7,157. Mu 2019 akatswiri aŵiri, Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente, adasindikiza m'magazini ya Science zimene adapeza ataunika maphunziro onse a MIT ndi Harvard a pa edX. M'chaka cha maphunziro cha 2017 mpaka 2018, atatu okha mwa ophunzira 100 alionse ndiwo adatsiriza. Oposa theka la olembetsa sadatsegule ngakhale phunziro loyamba. Ndipo ophunzira ambiri adali a m'maiko olemera. Kafukufuku wina wa yunivesite ya Pennsylvania mu 2013 adali atasonyeza kale kuti pafupifupi anai mwa ophunzira asanu alionse adali ndi digiri asanalembetse. Kunena mwachidule, amene adathamangira kukapala moto ambiri adali oti kwao moto ukuyaka kale.

Tisaŵeruze mopyola muyeso. Anthu 23,000 ndi ochuluka kuposa amene mphunzitsi mmodzi angaphunzitse m'kalasi moyo wake wonse. Ndiponso ambiri amalembetsa pofuna kulaŵa chabe, kapena kutenga mutu umodzi umene akuufuna pa ntchito yao. Komabe funso likhalapo: n'chifukwa ninji ovutika, amene maphunziroŵa ankayembekezeka kuwakweza, ndiwo adatsalira?

Chifukwa choyamba ndi njira yofikira. Bungwe la ITU, loona za mauthenga pa dziko lonse, lidati mu 2024 anthu 2.6 biliyoni adali asanafikiridwe ndi intaneti, ndipo mu Africa ogwiritsa ntchito intaneti adali 38 mwa 100 alionse. Kanema imadya bandulo msanga, foni imafuna kutchaja, ndipo phunziro lotchedwa laulere limasanduka lodula kwa munthu amene ayenera kusankha pakati pa bandulo ndi ndiwo. Chachiŵiri ndi chinenero: maphunziro ambiri ali m'Chingerezi, ndipo zitsanzo zake n'zochokera ku moyo wa kutali. Chachitatu ndi maziko: wosadziŵa masamu a ku sekondale sangatsate phunziro la ku yunivesite ngakhale khomo litatseguka chotani. Chachinai, chimene chiposa zonse, ndi kukhala wekha. Ku sukulu belu limakuitana, mphunzitsi amaitana dzina lako, mnzako amakufunsa chimene wajombera. Pa intaneti ukasiya palibe amene amakufunafuna.

Padachitikanso kusintha kwina. Kukonza maphunziro ameneŵa kumafuna ndalama, ndipo mabungwe aja adayamba kufuna phindu. Mu 2021 edX idagulitsidwa ku kampani ya 2U pa mtengo wa madola 800 miliyoni. Masiku ano satifiketi nthaŵi zambiri ndi yolipira, ndipo pa maphunziro ena amakulola kuona chigawo choyamba chokha mwaulere. Choncho mau akuti "aulere" muziwaŵerenga ndi maso aŵiri.

Mnyamata wa ku Mongolia

Pali nkhani imodzi imene imasimbidwa kaŵirikaŵiri. Pa phunziro la za magetsi la MIT lija, anthu 340 okha ndiwo adakhoza mafunso onse osalakwa, ndipo mmodzi wa iwo adali mnyamata wa zaka 15 wa mumzinda wa Ulaanbaatar ku Mongolia. Pambuyo pake MIT idamuitana kukaphunzira kumeneko. Osimba nkhaniyi amakonda kulekera pomwepa, ngati kuti mnyamatayo adali yekha ndi kompyuta yake. Koma sizidali choncho. Mphunzitsi wamkulu wa pa sukulu yake, amene iye mwini adaphunzira ku MIT, ndiye adasonkhanitsa gulu la ana kuti atsate phunzirolo pamodzi, napezanso munthu wowatsogolera poyesa ndi manja zimene ankaona pa kanema. Khala lidachokeradi ku America, koma wouzira moto adali pomwepo.

Ife a pa wailesi phunziro limeneli tidalidziŵa kale. Mu 1973 dziko la Tanzania lidachita ntchito yophunzitsa za umoyo pa wailesi yotchedwa Mtu ni Afya, ndiye kuti munthu ndi thanzi. Anthu pafupifupi mamiliyoni aŵiri adatengapo mbali. Chinsinsi chake sichidali wailesi yokha ai. Anthu ankakhala m'magulu, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake ndi kabuku kake. Akamva, ankakambirana, kenaka n'kunyamuka kukakumba zimbudzi ndi kukwirira zithaphwi. Adanena akulu kuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo pamene matenda a Covid-19 adatseketsa masukulu mu 2020, ana a m'maiko olemera adatembenukira ku intaneti, koma kuno kwathu ana ambiri a ku pulaimale adafikiridwa ndi wailesi yomweyi. Amene adapindula koposa ndi aja amene kunyumba kudali kholo kapena mkulu wao wokhala nao pansi.

Chimene chili pafupi ndi ife

Tsopano tibwerere ku ufulu uja ndidati muusunge. Pamene ndinkaphunzira uphunzitsi, ndidatumizidwa kukayeserera ntchito pa sukulu ina ya kumudzi. Buku limodzi ankaunjikanapo ana asanu ndi atatu, ena akuŵerenga chozondoka. Ana amenewo sankasoŵa pulofesa wa ku Harvard. Ankasoŵa buku, la m'chinenero chao, lokamba za chimanga, mbuzi ndi mtsinje umene amaudziŵa. Ndiye chifukwa chake ndinena kuti kwa ife zipangizo zotseguka zija n'zofunika kuposa makalasi a chikhamu. Kalasi la pa intaneti limafuna netiweki tsiku ndi tsiku. Buku lotseguka limafuna munthu mmodzi alitenge kamodzi, alimasulire, alisindikize, ndipo ana mazana aŵerenga pansi pa mtengo.

Izi si maloto. Ku South Africa bungwe la Siyavula lidalemba mabuku a masamu ndi sayansi a chilolezo chotseguka, ndipo boma lidasindikiza mamiliyoni a mabukuwo n'kugaŵa m'masukulu. Ntchito ya TESSA, imene idayamba mu 2005 mothandizidwa ndi Open University, idakonza zipangizo zophunzitsira aphunzitsi a mu Africa m'Chingerezi, Chifalansa, Chiarabu ndi Chiswahili, ndipo dziko lililonse limazikonza kuti zigwirizane ndi silabasi yake. African Storybook, ya bungwe la Saide la ku Johannesburg, idasonkhanitsa timabuku ta ana m'zinenero zambiri za mu Africa, ndipo mphunzitsi aliyense angathe kutenga kabuku n'kukamasulira m'chinenero cha ana ake. Ku America, OpenStax ya yunivesite ya Rice yakhala ikutulutsa mabuku aulere a ku koleji kuyambira mu 2012. Ngakhale kuno, aphunzitsi a ku koleji ya Bunda, pamene inali pansi pa Yunivesite ya Malaŵi, adalemba buku la luso la kulemba ndi kulankhula posonkhanitsa ndi kukonza zipangizo zotseguka, mothandizidwa ndi OER Africa. Ndipo kumene netiweki kulibe, ziliko njira monga Kiwix ndi Kolibri, zimene zimasunga mabuku ndi kanema m'kachipangizo kamodzi, kuti mafoni ndi makompyuta a pa sukulu atengemo popanda intaneti.

Mau kwa ofuna kuyesa

Inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza Fomu 4 koma malo ku yunivesite sadapezeke, inu aphunzitsi, anamwino ndi alangizi amene mufuna kuonjezera nzeru pa ntchito yanu, khomo ili n'lotsegukadi, ndipo n'kulakwa kulinyoza. Koma imvani malangizo aŵa. Sankhani phunziro limodzi lokha, logwirizana ndi pamene mudalekezera, osati asanu nthaŵi imodzi. Patulani ola lodziŵika, monga momwe mumapatulira nthaŵi ya kumunda kapena ya mapemphero, ndipo lembani zimene mwamva m'kope. Mukafika pamene netiweki ili bwino, tengeranitu maphunziro a mlungu wonse. Pezani anzanu aŵiri kapena atatu oti muzikumana nao, ndipo ngati n'kotheka pemphani mphunzitsi wa pafupi kuti azikuyang'anirani. Musanalipire satifiketi, funsani kwa amene mufuna kuti akulembeni ntchito, kapena ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, ngati pepalalo alivomereza. Satifiketi ya phunziro la milungu isanu ndi umodzi si digiri. Chenjeraninso ndi akathyali amene amagulitsa mapepala popanda phunziro. Safunsa adadya phula.

Kwa aphunzitsi anzanga ndili ndi pempho limodzi. Tisakhale anthu ongopala moto kwa ena masiku onse. Nthano zimene mumasimbira ana, njira imene mudaipeza yophunzitsira kugaŵa ndi njere za chimanga, mafunso amene mwasonkhanitsa zaka khumi, zonsezi ndi chuma. Zilembeni m'Chicheŵa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, m'Chitonga, muikepo chilolezo chotseguka, kuti mnzanu wa ku Chipata kapena ku Angonia adzapalenso kwa inu. Moto wanu suchepa.

Ngati m'dera lanu muli gulu limene layamba kale kuphunzira motere, tilembereni kalata, mutiuze zimene zikuyenda ndi zimene zikukuvutani, kuti ena aphunzirepo.